Alamu Akalawa Boboni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ana ku Zombako. Kuno ku Nairobi tili bwino, kungoti amuna anu andimeretsa imvi.

Loweruka abwana anga anatiitanira ku hotela ina ku Upper Hill kukalawa kachasu wa ku Amerika wotchedwa boboni. Ndinawatenga alamuwo kuti abwana awaone, paja abwanawo ankafuna dalaivala. Wotsogolera mwambowo anafotokoza bwinobwino kuti uyambe waluma chokoleti, chisungunuke palilime, kenako umwe kadontho kuti ziwirizi zikomerane.

Alamu anagugudiza tambula yonse kamodzi, chokoleticho n'kuchikulunga m'kampango. Nditawatsina anati, "Alamu, munthu wandevu ndidye switi ana ali kumudzi?" Atatero anafunsa wotsogolerayo, m'Chingelezi chomveka bwino zedi, kuti poti kulawa tatha, botolo lenilenilo libwera nthawi yanji.

Abwana anangondiyang'ana. Lolemba anandiuza kuti dalaivala apeza wina.

Alamu anyamuka Lachisanu likubwerali kubwerera kwanuko. Akadzakuuzani kuti kuno ntchito n'zosowa, mudzangovomera, koma chonde musadzawatumizenso kwa ine. Mupereke moni kwa amayi, Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu wotopa,
Yohane