Nyimbo ya Amayi Kuseri kwa Chitofu

LACHITATU

Renita 19:42
waona zomwe alemba a Whitlow, mabwana a amayi aja, pa tsamba lawo la pa intaneti?

Renita 19:42
"gonani usiku umodzi m'nyumba yakale ya Marchbanks, mudzimvere nokha mzukwa wa Sukey, kapolo amene anafera m'khitchini, ukung'ung'uza nyimbo"

Renita 19:43
Sukey wake uti?? kunalibe Sukey. mawu aja ndi a amayi athu Cedric

Cedric 20:15
sisi ndili pa ntchito

Renita 20:15
zaka 31 akuwaphikira, kuwachapira. miyezi inayi yokha chiwaikireni m'manda basi awasandutsa mzukwa

Cedric 20:31
watsimikiza kt ndi iwo?

Renita 20:32
[uthenga wa mawu 0:19]

Renita 20:32
ndatapa pa kavidiyo ka alendo awo. usamvere azungu akukuwawo, mvera chapansipansi. ndi nyimbo ya kutchalitchi ija ankaimba akamakanda ufa wa mabisiketi

Cedric 21:04
ndi iwodi. mpaka kachifuwa kaja

Renita 21:05
Darlene wosesa uja wandiuza zonse. kuseri kwa chitofu kuli sipika, imayamba yokha 2 koloko usiku. alendo nkumathamanga ndi timakina tawo togwirira mizukwa. anawajambula mobisa anthu amenewa

Cedric 21:09
adadi usawauze kaye. mtima wawo ukuudziwa

Renita 21:09
sindiwauza. ndithana nazo ndekha

Cedric 21:10
nchimene ndikuopacho

LACHISANU

Renita 16:20
zatheka

Renita 16:21
ndinawapeza pakhonde akupereka tiyi wozizira kwa alendo. akuti "Earline anali ngati m'bale wathu," kunena amayi. ndati m'bale wanu ankalowera khomo lakumbuyo?

Cedric 16:40
eish. pamaso pa anthu?

Renita 16:40
onse. amati ndimve kaye nkhani yake. ndati ndamva kale, fufutani. pa kompyuta, pa foni, pa tsamba, ine nditaima pomwepo. sipika ndazula ndekha

Cedric 16:44
kopi watengako?

Renita 16:44
ya chani? zochokera m'manja mwawo sindizifuna

LOWERUKA

Cedric 21:12
Renita

Cedric 21:13
adadi akuti ndiwaperekeze ku Marchbanks. avala suti ija ya pamaliro

Cedric 21:30
[waimba, sanayankhe]

Cedric 22:05
tafika. a Whitlow angotipatsa kiyi, maso ali pansi. alendo kulibe lero

Cedric 23:48
akhala pa mpando wa amayi pafupi ndi chitofu, chipewa pa bondo. akungoyang'ana wotchi

Cedric 23:49
ndiwauze bwanji ine? yankha foni plz

Cedric 02:16
2 yadutsa. kuli zii

Cedric 02:25
ndawauza zomwe unachita

Renita 02:51
foni ndinaitsekera mu loka, ndili pa shifiti kuchipatala. akutani kumeneko?? ndani wawauza za mzukwa?

Cedric 03:02
Renita ndine bambo ako. Ndabwereka foni ya mlongo wako. Pirira nane, zala zanga nzazikulu.

Renita 03:02
adadi anthu aja amakunamizani. si mzimu wa amayi, inali sipika chabe

Cedric 03:09
Ndikudziwa. Waya wake ndinakoka ndine.

Renita 03:09
chani?

Cedric 03:17
Chaka chijachi ndinkakonza magetsi kuno. Anajambula ndine, amayi ako akudziwa. Tinabwereza kanayi chifukwa ankangophulika kuseka. Anati zaka zonsezi azungu sanandiopepo, asiyeni andiope usiku.

Cedric 03:24
Dzina la Sukey ndi bodza lawo, anawonjezera iye atapita. Pamenepo sunalakwe.

Cedric 03:31
Koma kwina kulikonse kulibe mawu ake mwanangu. Sankafuna kujambulidwa, umamudziwa. Ndinkati nyimbo ili kuno, sithawa. Miyezi inayi ndimalephera kulimba mtima. Lero ndinalimba.

Renita 03:32
adadi

Renita 03:32
bwanji simunandiuze

Cedric 03:38
Iwe bwanji sunandifunse?

Renita 03:40
[waimba, sanayankhe]

Renita 03:41
mwina a Whitlow ali ndi kopi ina penapake. ndipita mmawa, ndikagwada ngati nkofunika

Cedric 03:50
Ndawadzutsa, ndawafunsa. Akuti unaima pomwepo mpaka yonse itafufutidwa.

Renita 03:51
kaja ndinatumizira Cedric kalipo

Cedric 03:57
Ndamvera. Ndi anthu akukuwa, iye ali pansi pawo. Monga kale.

Renita 03:58
ndikubwera

Cedric 04:03
Usasiye ntchito. Ndikhala pa mpando wake mpaka kuche.

Renita 04:04
pepani adadi

Renita 04:11
adadi pepani

Renita 04:29
ndadzitsekera mu stolo ya mankhwala. nyimbo ija ndimaidziwa

Renita 04:33
[uthenga wa mawu 1:06]

Renita 04:50
mwamvera?

Renita 05:14
Cedric, adadi ali bwanji?

Cedric 05:37
Ndikadali ine. Foni ndaiika kuseri kwa chitofu, ndamvera katatu.

Cedric 05:41
Wathamanga nayo. Amayi ako ankaikoka pang'onopang'ono, ngati ufa m'manja.

Cedric 05:42
Imbanso.