Tsiku lomaliza ndi Ababa ku Bologna

Stuttgart, Jeremani
20 Novembala 1983

Okondedwa Achemwali a Nunziata,

Muli bwanji kumudziko? Nanga Amayi miyendo ija yasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti kwayamba kuzizira ndipo kamtsikana kathu Teresina kakutsokomola. Ndikhulupirira kuti Ababa anafika bwino. Kalatayi muwerenge muli nokha, mukatha muiponye pamoto.

Ndikudziwa kuti Ababa akuuzani kuti ndi chiwindi chabe chatupa, ndipo mankhwala awapatsa. Ndi zimene dokotala anawauza iwowo. Ine anandiitanira pambali m'mawa wa tsiku lomaliza lija kuchipatala ku Bologna, Ababa akuvala. Anati ndi khansa, yafalikira, ndipo kung'amba sikungathandize. Nditafunsa za nthawi, anati mwina Pasaka amuona, mwina ayi. Ndinamuthokoza, ndinamugwira chanza. Mpaka pano sindidziwa chimene ndinkathokoza.

Sitima zathu zonse zinali zamadzulo, yawo yobwera kumudziko, yanga yobwerera kuno. Ndinati tikakhale pasiteshoni apume, koma anakana. Anati sanavalire suti ya ukwati wanu kuti akaonetse nkhunda za pasiteshoni. Choncho tinayenda m'tauni.

Kunkagwa mvula yamawawa. Tinkayenda m'makhonde osatha a m'mbali mwa misewu, iwo akuima pafupipafupi ngati akuona katundu m'mawindo, koma ine ndinkamva mmene ankapumira. Ankanyoza anthu a kumpoto kuti ndi amantha, mpaka kufolera misewu kuopa kunyowa. Ndinkaseka pamene pafunika kuseka. Ndinkaona zonse bwinobwino, njinga, ana a sukulu, mayi wogulitsa maluwa, koma ngati ndikuzionera kuseri kwa galasi.

Masana tinalowa m'kanyumba kodyera. Atalawa supu anati ophikawo ayenera kuti ali pamaliro, n'kutulutsa tsabola wa Amayi m'thumba la jekete, kumunyenyera m'mbale. Mwini malo anaseka, nawonso anaseka. Anamwa masipuni owerengeka basi n'kundikankhira mbaleyo. Ndinamaliza yanga ndi yawo yomwe. Njala ndinali nayo, Achemwali, ndipo zimenezi zikundichititsa manyazi.

Titatuluka ndinaona chijasi chabwino chaubweya m'sitolo ina. Ndinawakokera mkati kuti ayese, poti chawo chija chinatha m'zigongono. Anachivala, anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, kenako anachivula n'kuchibweza kwa wogulitsa mwaulemu.

"Chimenechi ndi cha munthu wa zaka khumi kutsogoloku," anatero. "Changachi chindifikitsa."

Wogulitsa uja anayamba kunena za mtengo, kuti atsitsako, ife n'kutuluka.

Pasiteshoni ndinawapezera malo a pawindo, ndinakweza sutikesi yawo pamwamba. Ndikuti nditsike, anandigwira mkono.

"Saverio, dokotala wako uja sadziwa kunama. Polankhula nane ankayang'ana nsapato zanga. Iwenso chimodzimodzi, tsiku lonse wakhala ukundiyang'ana ngati ng'ombe yogulitsidwa kale."

Ndinati Ababa, mankhwala alipo. Anandiuza kuti ndisiye zimenezo. Anati chakudza sichiimba ng'oma, koma chawochi chachita ulemu, chaimba. Kenako anandilamula kuti Amayi asamve kanthu mpaka maolivi atathyoledwa ndiponso nkhumba itaphedwa mu Januwale, chifukwa akamva adzakhala pansi n'kumalira, chaka chonse n'kuwonongeka. Za inu sananene, n'chifukwa chake ndalemba. Sitima itanyamuka sanandiyang'ane. Anali atayamba kale kucheza ndi msilikali amene anakhala moyang'anizana nawo.

Ine ndinakhala pabenchi kudikira yanga. Ndinkayembekeza kuti misozi ibwera, poti tsopano ndinali ndekha. Sinabwere. Ndinagula nyuzipepala, ndinawerenga zampira. Lolemba ndinapita kufakitale, ndinamanga zitseko za magalimoto monga mwa masiku onse. Mkazi wanga Filomena ndi amene akulira, ine ndimangomuyang'ana. Kapitawo wathu wati tchuthi china sandipatsa msanga, pokhapokha patagwa zovuta kwathu. Ndinamuuza kuti zigwa.

Pempho langa ndi limodzi. Musawaletse kanthu. Akafuna kupita kumunda apite, akafuna vinyo apatseni, ngakhale pa botolo la mankhwala palembedwa zina. Koma tsiku limene mudzaone kuti kwacha iwo osafunsa za munda, musadikire kulemba kalata. Mudzapite kusitolo kwa a Demetrio mukandiimbire foni, ndidzanyamuka tsiku lomwelo, kaya ntchito ithe. Sindifuna kudzafika anthu atavala kale zakuda.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wolemera, inu amene muzidya nawo pa tebulo limodzi tsiku ndi tsiku. Mundikhululukire. Ndinalibe wina womuuza.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti tsabola wawo anafika mpaka ku Bologna. Moni kwa alamu anga a Gaspare, kwa azakhali a Carmela, ndi kwa ana nonse. Ababa musawapatse moni wanga, angadziwe kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu,
Saverio