Bambo a kunyumba apanga makina awoawo ochizira mwendo

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo, ndikulemba ndili chiimire. Amuna anga ndi okonza mawailesi ndi ma TV. Atachita ngozi ya njinga yamoto, mnofu wa pamsongolo unachoka mpaka fupa kuonekera. Madokotala anatenga khungu ndi mnofu pantchafu n'kuphimba pabalapo ngati chigamba. Anatichenjeza kuti chigambacho chikafa, mwendo ukhoza kudulidwa.

Kuchipatala ankawamata timawaya m'mbali mwa chigambacho, kamakina n'kumatulutsa magetsi ochepa zedi, ati kuthandiza magazi kuyenda. Koma anthu okonza zinthuwa, abale! Anangokasuzumira kamakinako n'kuseka: "Mayi a ana, timakhalira zimenezi pamzere? Si batire ndi mawaya awiri basi?"

Panopa pathebulo lawo la ntchito, pakati pa mawailesi ophwasula, pali kamakina kawokawo kopangidwa ndi tchaja yakale, ndipo mawaya ake amadzimata okha pachigambapo. Kuchipatala anasiya kupita. Ndikawaletsa amati, "Magetsi ndinayamba kuwagwira tisanadziwane. Komanso sindikumva kuwawa ngakhale pang'ono." Dzulo powasambitsa ndaona m'mphepete mwa chigambacho mwayamba kuda. Ndikutuluka, ndikulowa, ntchito sikugwirika. Akuti ndikakawaneneza kwa dokotala ndiye kuti ndanyoza luso lawo. Nditani ine?

E. K.

Mayi E. K.,

Lekani kuzungulira m'nyumbamo, pitani nawo kuchipatala lero lomwe. Kuda kumeneko si kodikira mawa ayi. Kamakinako kanyamuleni dokotala akakaone, ndipo musakabise kanthu.

Mawailesi amawadziwadi bambowo, sindikutsutsa. Koma waya akapsa amakagula wina kusitolo. Nanga mwendo akagula kuti? Magetsi a kuchipatala amachita kuyeza, ndipo ngakhale madokotala eni ake amangowagwiritsa ntchito mothandizira, diso lili pabala.

Zoti sakumva kuwawazo ndiye zikundiopsa ine. Khungu losamutsidwa limakhala ladzanzi, likhoza kupsa mwini wake akuimba mluzu. Ayankhuleni mwa ntchito yawo. Afunseni ngati angayatse TV ya kasitomala atachotsamo fyuzi n'kulumikiza waya wamba m'malo mwake. Ululu ndiye fyuzi ya thupi, ndipo pachigambapo palibe.

Musawakalipire pamaso pa ana, angoumirapo mtima. Akakana, itanani mlamu wanu amene amamumvera, awanyamule. Mukabwerako, mawayawo asayandikirenso mwendowo.

Akwiya, inde, mwinanso akusungirani chakukhosi. Alekeni. Bola azikukwiyirani ataima ndi miyendo iwiri.

Aphungu