Injiniya Wathu Akutsuka Masipanala

Amayi,

Kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo, koma mtima suli m'malo. Ndine Jailosi wanu. Musadabwe ndi zilembozi, ndi zanga zomwe. Kusukulu sindinapondeko, mukudziwa, koma ndinazitola chimodzichimodzi m'buku la nyimbo ku tchalitchi, popanda wondigwira dzanja. Inu simunkawerenga, koma kumeneko kunatsogola aphunzitsi ambiri, mupemphe mmodzi akuwerengereni.

Mvula chaka chino inachedwa, ndipo itabwera inabwera ndi ukali, mpaka inakokolola chimanga cha kamunda kathu ka kuseri kwa damu. Tapulumutsako maungu ndi nyemba. Paulo, mwana wanga wamwamuna uja munkamubereka kumbuyo, ali ku Joni. Mkazi wake wabereka mwana wamwamuna. Ndangomuona pa foni, koma makutu ndi a bambo anga, otambalala ngati masamba a fodya. Mzungu mwini pulazi uja munkamudziwa anachoka kalekale. Pulazi ili ndi mwini wina amene amakhala ku Harare, ndipo amene timaonana naye ndi manijala wake. Komboni ndi yomwe ija, msewu wa ku Karoi ndi womwe uja, maenje okha ndiwo achuluka. Mtengo wa mapeyala uja unakula. Mukukumbuka tsiku ndinkaubzala? Munaima pakhomo manja m'chiuno nkunena kuti, "Jailosi, nyumba si yathu ino, ukubzalira ndani?" Ndinabzalabe. Lero zipatso zake zikugogoda malata ngati apolisi.

Mkazi wanga ndi mwana wathu Lusiya muli nawo komweko. Tinawagoneka pafupi nanu, kuseri kwa mabulugamu. Muwapatse moni.

Chandigwiritsa cholembera ndi mdzukulu wanga, mwana amene Lusiya anandisiyira. Anabadwa udzu usanamere pamanda panu, ndiye tinamupatsa dzina lanu, Enelesi. Simunaonane, koma nkhope ndi yanu, ngakhale pakamwa pomwe. Ndikafuna kumukalipira, dzina limandikakamira pakhosi. Munthu ungakalipire bwanji amayi ako?

Mwanayu kuyambira ali wamng'ono sankasiya chinthu chili chomanga. Pulaimasi wanu uja anamumasula. Wailesi anaimasula. Njinga yanga ndinaipeza ili zidutswazidutswa pamphasa, iye akuwerenga mano a tcheni. Ndinakwiya, koma dzuwa lisanalowe njinga inali itaima, ikuyenda bwino kuposa kale. Kusukulu ankapambana, ndipo mphunzitsi wake wina pamodzi ndi anthu a ku tchalitchi anamukankha mpaka anafika ku yunivesite. Anasankha uinjiniya wa makina. Azimayi a pa komboni anabwera kudzandilangiza kuti bola unamwino, ntchito yake siisowa. Alufandika, mnzanga amene timasiyana khoma lokha, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mtsikana ndi girizi? Ameneyo adzakwatiwa ndi thirakitala." Ine ndinati, "Ana ako aja anakwatiwa ndi anthu, lero sindiwe ukuwaphikira?" Sitinapatsane moni mpaka Lamulungu.

Koma kunena zoona nanenso sindinkadziwa chimene ankaphunzira. Atabwera pa tchuthi ndinamufunsa ngati akatuluka adzakhala makaniko. Anaseka. Anati, "Sekuru," ana a kuno agogo amawaitana choncho, Chishona chinawalowa, "makaniko amachiza makina odwala. Ife timaphunzira kuganiza makina asanakhalepo." Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, ananditengera ku bani, kumene ndakhala ndikuwotcha fodya moyo wanga wonse. Anandiloza mapaipi aja amanyamula moto pansi. Anati alipo munthu amene anakhala pansi nkuwerengetsera kuti paipi ikule bwanji, ikhote pati, chitsulo chake chikhale chotani kuti chisang'ambike, kuti kutentha kufike mpaka pa tsamba la pamwamba. "Munthu ameneyo ndikufuna ndikhale ine." Amayi, ine ndasonkha moto m'mapaipi amenewo mpaka imvi, koma sindinaganizepo kuti kuli munthu wotero. Ndinkangoti mapaipi amabwera pa lole.

Tsiku lolandira pepala lake ndinapita. Jekete sindinabwereke kwa munthu, ndinavala langa lomwe la ku tchalitchi. Ataitana dzina lanu pakati pa khamu lija, ndinaimirira ndekha nkufuula, anthu mpaka kutembenuka. Pobwerera, kombi yonse inadziwa kuti ine ndine agogo ake a injiniya.

Kenako kunangoti zii. Pepala lili m'sutikesi, ntchito osaoneka. M'mawa uliwonse ankakwera pachulu cha kuseri kwa shedi, pamene foni imagwira, kukaona ngati wina wamuyankha. Ankatsika nkhope ili pansi. Anzake amene anaphunzira nawo, wina akugulitsa mafoni mumsewu ku Harare, wina anaoloka kupita ku Joni, ochepa ndiwo anapeza malo m'migodi. Dzinja linapita, linanso linabwera. Alufandika anasiya kuseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kwake. Ndinayamba kudzifunsa ndekha ngati sukulu imeneyi inali yoyenera mwana wa pa komboni. Akanakhala namwino bwenzi pano atavala zoyera.

Ndiye mwezi watha anatsika pachulu akuthamanga. Mgodi wina wakutali, kupitirira Gweru, unamuitana kuti akayambe pansi pa mainjiniya akuluakulu, akaphunzire ntchito yeniyeni imene anaiwerengera. Malo ogona ndi bedi limodzi m'nyumba ya antchito osakwatira. Anamuuza kuti amudikira mpaka mwezi uno utatha. Tinapha nkhuku.

Sabata yomweyo manijala anasonkhanitsa komboni yonse. Lamulo la pa pulazi mukulidziwa, Amayi, silinasinthe ngakhale eni ake anasintha: nyumba imatsata wogwira ntchito. Anati kuthyola fodya kwayandikira, aganyu akubwera, ndipo nyumba iliyonse yopanda munthu wa ntchito iperekedwe. Ine utsi wa m'mabani unandidya chifuwa, ntchito ndinasiya chaka chatha. Ankangondilekerera. Tsopano kulekerera kwatha.

Mukukumbuka mmene zinalili bambo atamwalira. Anzanga ankapita kusukulu ya pa pulazi, ine munandigwira dzanja kunditengera kwa foromani kuti dzina langa lilowe m'malo mwa dzina la bambo, tisaponyedwe kumsewu. Panjira munkangoti, "Ndi chaka chimodzi chokha, mwanangu, chaka chamawa tikupita kwathu ku Dedza." Sindikukudandaulirani. Munalibe pogwira. Ndikungofuna mumvetse chimene ndinamva pamene Alufandika anabwera pakhomo chipewa chili m'manja nkunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, pitani ku wekishopu mukaone nokha."

Ndinapita. Ndinapeza mapazi awiri atatulukira pansi pa ngolo ya thirakitala. Nsapato ndinazidziwa. Pambali panali beseni la dizilo lodzaza masipanala oti atsuke. Enelesi anali atakalembetsa ntchito yothandiza makaniko wa pa pulazi, osandiuza. Pamaso pa anthu sindinayankhule. Ndinamudikira kunyumba nthawi ya chakudya chamasana.

Ndinati, "Anthu a ku mgodi wawayankha chiyani?"

"Ndawauza kuti ndikuganiza."

"Ukuganiza uli chagada pansi pa ngolo?"

Anasamba m'manja, girizi osachoka m'zikhadabo. Kenako anati, "Sekuru, mukachoka pano mupita kuti? Ku Dedza? Mukudziwa ngakhale pamene basi yake imaima?"

Amayi, mwana ameneyu amalasa ngati inu. Ku Dedza sindinafikeko. Anzathu Achishona zikawavuta amanyamula katundu kupita kumusha, kumudzi kwawo. Ife kwathu ndi pano, m'nyumba ya eni ake, ndi kuseri kwa mabulugamu kuja. Ndinati ndipita kwa Paulo. Anati Paulo akugona chipinda chimodzi ndi mkazi ndi khanda, ndipo ine ndilibe pasipoti. Ndinati ndikagona pakhonde la tchalitchi. Anati ndi chifuwa chimenecho ndikagonapo kamodzi kokha.

Ndinamenya tebulo. Ndinati, "Iwe sunapite kusukulu kuti udzandilondere ine!"

Anandiyang'ana m'maso osaphethira. "Nanga inu munalowa m'bani kulondera ndani?"

Iye anadya, anavala ovolosi yake nkubwerera ku masipanala.

M'mawa mwake ndinaganiza zodula nkhani. Ndinati ngati chikumumanga ndi nyumba, nyumbayo ichoke. Ndinavala jekete, ndinatenga kiyi wa loko nkupita ku ofesi. Ndinamuika patebulo la manijala. Ndinati, "Nyumba yanu nayi. Ndakhalamo mokwana." Munthuyo si woipa, anandipatsa mpando. Anakankhira kiyi uja kwa ine ndi chala chimodzi. Anati, "Mdala, simungandibwezere chinthu chimene si chanu. Nyumba inachoka m'dzina lanu, ili m'dzina la mtsikana. Inuyo mukukhala kwa iye." Kenako anayamba kumuyamikira. Akuti pampu ya ku damu inkadya mabelingi, tizitsulo tozungulira ta mkati mwake, mwezi ndi mwezi, anthu nkumangosintha, koma Enelesi anayeza nkupeza kuti injini ndi pampu sizinakhale mzere umodzi. Anaziwongola, phokoso linatha. Manijala anamwetulira nkunena kuti, "Munthu wotere ndikanamupeza kuti pa malipiro a wotsuka masipanala?" Iye ankayesa akundisangalatsa.

Ndinatuluka kiyi ali m'thumba. Nyumba imene ndinakulowetsanimo mutadwala, imene ndinaikonza denga ndi manja angawa, lero ndine mlendo mmenemo. Ngakhale kuikana sindingathe.

Ndiye mukandifunsa ngati sukulu ya makina ili ndi phindu, ndiyankha bwanji? Pamene ntchito inkasowa ndinkati mwina tinalakwa. Koma ndaona nkhope yake akamanena za pampu ija, imawala ngati ya munthu amene wamva nyimbo ya kwawo. Zimene anaphunzira ndi zenizeni, ndipo khomo linatseguka ndithu, ngakhale linachedwa. Sukulu sinamunamize. Mwala umene wamangidwa kumwendo kwake ndine. Enelesi amati adikira mwayi wina, ine ndikadzapeza pokhala. Mawu amenewo ndimawadziwa. Chaka chimodzi chokha chija chinandithera moyo wonse m'bani.

Ndayesa zonse. Ndatuma abusa, anawaphikira tiyi nkuwaperekeza. Ndayesa kunyanyala chakudya, anangokhala pambali panga nayenso osadya, mpaka ndinagonja ndine. Munkati khosi langa ndi lachitsulo. Bwerani mudzaone lake.

Masiku a mwezi akutha, Amayi, ndipo a ku mgodi sadzadikira mdzukulu wa wowotcha fodya mpaka kalekale. Ine mphamvu zandithera. Mwatsala ndinu. Ali ndi dzina lanu, mwina inu angakumvereni. Mubwerereni kutulo. Mutenge ndi Lusiya, amayi ake, mubwere awiri. Mumuuze kuti manda safuna mlonda, ndipo nkhalamba imene yadya zaka zake isadyenso za mwana. Musamunyengerere, muyankhuleni mmene munkandiyankhulira ine.

Kumbali yanga ndikulonjeza kuti sindisiya kukangana naye, m'mawa uliwonse asanavale ovolosi, mpaka tsiku lomaliza la mwezi. Akakwera basi, ndidzabwera kudzalimira pamanda panu bwinobwino, ndikutsanzikeni. Musadzandifunse kumene ndikupita, chifukwa sindikudziwa.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Jailosi