Achimwene atuluka m'bindikiro

Amayi anga okondedwa,

Salamu zanga zikupezeni muli ndi moyo. Bondo lija likukulolani kugwada pa swala, kapena mukuswalirabe pampando? Ine ndili bwino, kungoti manja akusupuka ndi sopo wa kuntchito.

Khalani pansi kaye, nkhani ndi ya achimwene. Dzana atuluka m'bindikiro wa masiku makumi anayi, umene ashehe amautcha khaluwa. Sindinakuuzeni poyamba chifukwa ndinkati sapitirira masiku atatu. Munthu womaliza paketi ya fodya pa tsiku, wolongolola mpaka makina ake owotcherera zitsulo osamveka, akhale chete m'kachipinda? Ndinawaseka pamaso. Iwo anangopempha kuti ndiziwaphikira.

Kachipindako kali kuseri kwa mzikiti, kongokwana mkeka ndi ndowa. Ashehe anandipatsa malamulo: nyama ayi, nsomba ayi, mazira, mkaka, mafuta, anyezi, zonsezo ayi. Nditafunsa kuti nanga chatsala n'chiyani, anaseka n'kunena kuti chatsala ndi Allah ndi mpunga. Foni anasunga ashehewo, ndipo ngakhale galasi lodziyang'anira munalibe. Masana onse achimwene ankafunga, osadya kapena kumwa kanthu. Ine ndikaweruka ndinkasiya mbale pakhomo dzuwa likulowa, kugogoda kamodzi, n'kuchoka osalankhula.

Sabata yoyamba mbale inkabwera yonyambita. Ndinkawamva akutsokomola, akuzungulira ngati mbuzi yapachingwe. Tsiku lina chisoni chinandigwira, ndinathiramo kasupuni ka mafuta. Mbaleyo inabwera yosakhudza. Manyazi ake, amayi, ngati andigwira ndikuba.

Kenaka chakudya chinayamba kutsala, lero theka, mawa kuposa theka. Pa tsiku la makumi atatu mpunga unabwera wonse, kungosowa zipatso zitatu za tende zimene ndinkaika pambali pake. Ndinathamangira kwa ashehe ndikulira kuti atsegule, mwana wa amayi anga asafere mmenemo. Anandiuza kuti amawaona tsiku lililonse, ndipo pakanakhala choopsa akanawatulutsa okha. Ndiye anati ndiike khutu pachitseko. Ndinamva mawu otsika akutchula dzina la Allah mosathamanga, ngati kupuma kwa khanda lili m'tulo. Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Potuluka buluku linkawagwa, ndevu zitakula, zipsera za moto m'manja zitapola. Koma maso, amayi! Ndinalephera kuwayang'anitsitsa. Nditawapatsa jekete lawo analinunkhiza, n'kufunsa ngati fungo la fodya limeneli ndi lomwe takhala tikupirira zaka zonsezi. Ndinawaphikira nkhuku, iwo anangomwa msuzi masupuni awiri n'kuthokoza ngati ndawapatsa ng'ombe. Malo awo kuntchito abwana anaikapo wina. Nditawauza anangogwedeza mutu, munthu amene kale akanagubuduza matebulo.

Dzulo anandiuza kuti njala inawaleka msanga, chibaba cha fodya chinatha pa masiku khumi, koma chimene chinakana kuchoka m'chipindamo ndi nkhope ya alamu, tsiku lija anawasiya ali ndi pakati. Zaka zisanu ndi chimodzi osawatchula, dzulo anawatchula akulira.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge amalume mupite kwa makolo a alamuwo. Achimwene sakupempha kubwererana, akudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Akungofuna kupepesa ndi pakamwa pawo, ndi kumva mawu a mwana wawo pafoni ngati amake alola. Akakana musakakamize, ati adikira.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali, achemwali ndi ana onse. Achimwene ati akulemberani okha akapezako mphamvu. Mutikumbukire pa dua.

Ine mwana wanu,
Mzime