Kompyuta Yozimazima ndi Vidiyo ya Malemu

Lolemba, 13 Okutobala

Yazimanso kompyuta yanga ya padesiki ija. Ndikamadula ndi kulumikiza zidutswa za vidiyo imayenda bwinobwino. Koma ndikangoiuza kuti itulutse vidiyo yonse, mafani amayamba kulira ngati chigayo, kenako zii! Mdima. Osalemba ngakhale kauthenga. Magetsi alipo, filiji ikulira kukhitchini.

Ntchitoyi ndi ya ukwati wa mwezi watha. Bambo a mkwatibwi anamwalira ukwati utangotha kumene, maluwa asanafote n'komwe. Mkwatibwi wandiimbira lero: "Asisi, amayi sakufunsa china. Akungofuna aone adadi akuvina." Ndamuuza kuti Loweruka. Pakamwa pangotuluka Loweruka, ine mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndafunsa achimwene za khadi ya kamera, poti amene anajambula ukwatiwo ndi iwowo. Akuti anaifufuta kalekale, anajambulirapo mpira wa ana asukulu. Ndiye kuti kuvina kwa malemu kuli malo amodzi basi padziko lonse lapansi, m'disiki ya chibokosi chozimazimachi. Ndinangokhala pansi.

Achimwene: "Usade nkhawa iwe, ndi fumbi chabe." Kwa iwo chilichonse ndi fumbi chabe, ngakhale malungo.

Ndatsegula chivundikiro cha m'mbali. Fumbi lilipodi, lochita kuumbana ngati thonje pa fani. Ndasesa ndi burashi ya penti, ndauzira mpaka kuyetsemula. Ndayesanso. Yayenda kotalikirapo, ndinali nditayamba kale kuthokoza Mulungu. Zii.

Poiyatsa inachedwa, n'kulemba kuti ikukonza disiki. Sindinapume mpaka mafoda ataoneka.

Lachitatu, 15 Okutobala

Sindinaiyatse. Ndikuiopa. Ndikumaizungulira patali ngati galu wolusa amene wagona pakhomo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndapita nayo kwa a Fyuzi, okonza makompyuta aja a kuseri kwa famase. M'takisi ndinaifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Dzenje lililonse mumsewu ndimalimva m'mimba.

Funso lawo loyamba: "Mayi, mafayilo munasunganso kwina?" Ndinapukusa mutu. Anavula magalasi, n'kunena motsitsa kuti kompyuta ikazima mwadzidzidzi disiki ili pa ntchito, mafayilo amatha kuvulala. Ine ndayesa kangati sabata ino?

Anati tisakhudze china chilichonse, tiyambe takopera zonse pa disiki yawo. Akuti kukopera sikuilemetsa kompyuta, siizima. Ndinakhala pa kampando kopanda chotsamira, maso pa kamzere kobiriwira. Za kutchalitchi zadutsa. Zithunzi za pabwalo zadutsa. Za kuholo zadutsa, kupatula fayilo imodzi. Yakana. Yakananso.

Sindinafunike kuitsegula kuti ndiidziwe. Ndi ya nthawi yovina.

A Fyuzi akuti ali ndi pulogalamu yomwe imatola pang'onopang'ono zomwe zatsala, koma sakulonjeza. Ndaisiya konko. Pa desiki panga pangotsala zingwe ndi kabwalo kopanda fumbi. Chakudya chandikanika.

Lachisanu, 17 Okutobala

Mkwatibwi watumiza uthenga m'mawa: "Mawa tibwera ndi amayi, asita kale diresi." Ndayankha ndi kachithunzi ka mtima.

Kwa a Fyuzi. Apaka mafuta atsopano oziziritsa pulosesa, ubongo wa kompyuta, andionetsa manambala kuti tsopano sikutentha ayi. Titailemetsa ndi vidiyo ina yoyesera, yazimabe, ndipo panamveka kafungo ngati pulasitiki wapsa. Ananunkhiza kumbuyo kwa bokosi. "Wakuba uja ndi uyu." Pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi m'kati. Akuti yatopa, ntchito yopepuka imakwanitsa koma ikapemphedwa mphamvu zambiri imangogonja. Atandiunikira ndi tochi ndinaona timigolo tiwiri totupa pamwamba. Akuti ikanatha kupsereza zonse, ndi disiki yomwe. Ine ndimagona chipinda chimodzi ndi chinthu chimenechi!

Aikamo ina. Tailemetsanso, mafani alira, ine ndagwira m'mphepete mwa tebulo kudikira zii uja. Sanabwere. Yamaliza.

Fayilo ija apulumutsa, koma yolumala. Malemu akulowa m'bwalo lovinira atagwira dzanja la mwana wawo, akuvina bwinobwino, kenako chithunzi chikuuma. Iwo manja ali m'mwamba, pakamwa yasa, jekete yatseguka. Mawu okha akupitirira, nyimbo, nthungululu, kuseka kwawo. Chithunzi chikadzayambiranso kuyenda, iwo akhala kale pampando.

Ndiwauza bwanji amayi aja?

Loweruka, 18 Okutobala

Abwera dzuwa lisanakwere. Amayi aja ndi aafupi, diresi yakuda, kachikwama agwira ndi manja awiri. Ndinafuna kufotokoza asanaone, koma ndinalephera. Ndinangoyatsa.

Za kutchalitchi amayi anaonera chete. Kuholo anaseka pang'ono ataona tayi ya amuna awo itapendekera. Nthawi yovina itayandikira, ine maso ndinaika pa amayi.

Chithunzi chinauma. Kuseka kwa malemu kunadzaza chipinda.

"Pepani amayi," ndinatero, "apa kompyuta inawononga. Ndikhoza kudulapo, ndiikepo zithunzi za anthu ena akuvina."

Mkwatibwi anandiyang'ana, maso atafiira. Amayi sanatembenuke. Anakoka mpando mpaka mawondo kugunda desiki, nkhope pafupi ndi sikirini.

"Musadule mwanangu. Munthuyu sankakhazikika, pa chithunzi chilichonse amatuluka wosaoneka bwino. Lero ndiye waima kuti ndimuone."

Anatsegula kachikwama, n'kutulutsa magalasi, n'kuvala.

"Bwezaninso pamene wakweza manjapo."