Achimwene Ali M'kompyuta Yokana Kudzuka

Lolemba, 9 Juni

Woyamba kundiuza ndi mwana wanga wamkazi, ataima pakhomo thaulo lili paphewa. "Bambo, musadandaule, koma kompyuta ija ikukana kudzuka." Munthu akayamba ndi musadandaule, ine ndimafuna kaye mpando.

Kompyuta ya mkamwini, yolumikizira mavidiyo a maukwati. Ndi mmene muli achimwene. Anawajambula mu Epulo akunena nthano zawo, masiku atatu, atakhala pawindo. Tsiku lomaliza achimwenewo anandithamangitsa m'chipinda, pakuti inali nthano ya mmisiri wosula makiyi. Imeneyi anandiphunzitsa ndili kamwana, koma mathero n'kundimana zaka makumi asanu ndi limodzi. Amvekere, "Udzamva ndikapita." Anapitadi, mwezi watha. Ine kuzengereza, ndimvera mawa, ndimvera mawa. Kwina kulikonse kulibe. M'bokosi lakudali basi.

Ndakaiona. Ukadina batani imayaka bwinobwino. Chizindikiro pa sikirini, pansi pake timadontho tikuzungulira. Kenako timadontho tija njii, tiima. Ndadikira ola lathunthu. Osasuntha.

Lachiwiri, 10 Juni

Mkamwini akuti inangoyamba yokha. Wasintha zingwe, wapukuta fumbi, wabwereka sikirini ina. Chimodzimodzi. Loweruka ali ndi vidiyo ya ukwati yoti apereke kwa eni ake, ndiye Lachisanu akuti aifomata. Ndafunsa tanthauzo. Kusesa zonse n'kuyambanso. Za ukwatizo zikadali mu kamera, iye sataya kanthu. Nanga achimwene? Wayang'ana pansi. Mwana wanga watuluka, chitseko phwa!

Onse atachoka ndaiyatsa ndekha. Maso angawa ndi a dzina chabe, ndiye ndagunditsa khutu pambali pa bokosi. Zodabwitsa! Muli mawu awiri. Fani yaing'ono yonong'ona pamwamba, ina yaikulu pansi. Poyamba zimayenda limodzi mwaulemu. Kenako kamawu, tiki, ngati munthu akumeza malovu. Yaikulu ija n'kubangula, fuuu, osalekanso, ndipo m'pamene timadontho timaima. Ndayesa kanayi. Malo omwewo nthawi zonse.

Ndiye kuti sinafe. Ikupunthwa.

Izi ndimazidziwa ine. Wonena nthano akamaima malo amodzimodzi, si kuiwala ayi. Pamenepo walowetsapo chachilendo chimene lilime lake silinazolowere. Nanga muno analowetsamo chiyani? Ndipo ndani?

Lachinayi, 12 Juni

Dzulo nyumba yonse zii. Mbale zokha ndizo zimalankhula.

Mkamwini sungamufunse pamaso ngati wapolisi, ndi mwana wa eni ake. Ndiye lero pa chakudya cha masana ndangoyamba kucheza. Ndati kale ndili mnyamata ndinaba nyimbo ya munthu wina n'kuisomeka pakati pa nthano ya achimwene kuti ikome. Tsiku lonena, anthu ali pikitipikiti, ndikafika pa nyimbo paja kukamwa gwa. Kubwerera, kufikanso, gwa. Mpaka achimwene anafuula kumbuyo, "Iwe Pakamwa, lavula za eni akezo!" Ndinatalikitsa dala, ndi zokometsera zonse. Mwana wanga amvekere, "Bambo, chakudya chizizira."

Mkamwini sanaseke. Wayika supuni pansi. "Bambo, Lamlungu ndinaikamo dalaiva watsopano." Akuti ndi kapulogalamu kouza khadi ya zithunzi, mwini fani yaikulu ija, mmene izigwirira ntchito. Ankafuna mavidiyo aziyenda mosadukiza. Kompyuta itayambanso, basi. Anaopa kunena chifukwa cha achimwene. Taonani munthu wamkulu, ndevu pepeya, maso ali jenjenje. Chifundo chinandigwira, komanso chimwemwe choti khutu langa silinaname. Ndabisa chachiwirichi.

Lachisanu, 13 Juni

Kwabwera mayi wokonza makompyuta, mnzake wa mwana wanga. Wamfupi, wothamanga pakamwa kuposa ine, chinthu chosowa. Atamva za dalaiva wagwira m'chiuno: "Alamu, mukananena Lolemba bwenzi tili pa zina. Kufomata chifukwa cha chimfine?"

Njira yake yandiseketsa. Uiyatse, uizimitse mokakamiza isanafike popunthwa paja, katatu kotsatizana. Ikatero imazindikira yokha kuti yadwala n'kutsegula khomo lakuseri. Mkamwini wayesa kawiri, kuchedwa, fani yabangula kale. Ndati ndiloleni. Khutu pabokosi, maso otseka. Ndisanamve tiki uja pamabwera kaye kaphokoso kotsika, pamenepo ndimvekere, "Pano!" Mayiyo chala pabatani. Katatu. Kachinayi, sikirini yabuluu yodzaza malembo. Mayi uja akuti andilemba ntchito, malipiro tiyi.

Khomo lakuserilo amati sefu modi. Kompyuta imadzuka yovala zamkati zokha, dalaiva uja osamuitana. Zithunzi zikuluzikulu zonyansa, m'mbali mdima. Koma zonse zilimo. Mayiyo wakopera achimwene pa mafulashi awiri asanakhudze china chilichonse. Ndapempha awatsegule pang'ono. Ndi awo! Jekete lawo la bulauni, dzanja m'mwamba, milomo ikuyenda. Mawu ayi. Akuti mu sefu modi mulibe mawu. Moyo wanga wonse sindinawaonepo achimwene akulankhula ine osamva. Ndatuluka, ndati ndikufuna madzi.

Pobwera ndapeza mayi uja atachotsa dalaiva watsopanoyo, wabwezera wakale. Kuyatsa. Timadontho kuzungulira, kuzungulira, tiki, n'kudutsa! Fani yaikulu ili phee. Ndafunsa chifukwa chake chatsopano chimakana chakale n'kumalola. Akuti khadiyo ndi yokalamba, zatsopano zimailankhula mothamanga. Ndamvetsa bwino kwambiri.

Mkamwini wakhalira vidiyo ya ukwati ija mpaka madzulo. Fulashi imodzi ili m'thumba la malaya angawa.

Loweruka, 14 Juni, m'mawa

Mkamwini wagogoda ndisanasambe. Mpando waika kale, sipika wakweza. Iye n'kutuluka, kutseka chitseko mwakachetechete.

Poyamba achimwene akutsokomola, chifuwa chawo cha masiku onse. Kenako nthano yonse monga ndikuidziwira, mmisiri, kiyi wopanda loko, ulendo wofuna chitseko chake. Kufika pomwe ankandisiyira nthawi zonse, ndasendera pafupi. Ayang'ana kukhomo, atsitsa mawu. "Watuluka Pakamwa uja? Chabwino. Mathero enieni ndinaiwala ndisanakwatire n'komwe. Ndinkachita manyazi. Koma iyeyu ali ndi ake amene amauza anthu mobisa, amayesa sindidziwa. Ndinamumvera kuseri kwa mpanda kawiri. Ndi abwino. Ndinena amenewo."

Ndipo anenadi. Mathero anga, opeka ndekha chifukwa chotopa kudikira, mawu ndi mawu, m'kamwa mwa achimwene. Malo amodzi okha alakwitsa, ati mmisiri anagogoda kawiri. Ndi katatu. Ndapezeka ndawakonza mokweza, ndili ndekha m'chipinda, ndipo ndadikira kuti andikalipire.